Madzi Ogona Pamwamba pa Mchere

M'mawa uliwonse, mpongozi wawo asanayatse n'komwe mbaula, a Fosholo ankatuluka ndi kapu yawo yachitsulo yothothoka utoto, n'kulunjika pachitsime cha kuseri kwa nyumba. Ndowa ankaitsitsa pang'onopang'ono, ngati munthu woopa kudzutsa khanda. Akatunga, madziwo sankameza. Ankawasunga m'kamwa atatsinzina, masaya ali tuu, kenako n'kulavula patsinde pa mpanda. Akapukuta ndevu ankanena mawu omweomwewo, kaya pali munthu kaya palibe: "Adzuka bwino."

Make Kandowa, mpongozi wawoyo, ankaonera pazenera uku akuyamwitsa. Anali mkazi wamanyazi, wa mtundu uja woti ukamufunsa njira amayamba wayang'ana zala zake za kumapazi. Ndi apongozi akewo sankacheza kwenikweni. Tiyi ankawapatsira atagwada, n'kubwerera chammbuyo. Koma mawu a m'mawawo ankawadikira, ndipo tsiku lake linkayamba akawamva.

Dzina loti Fosholo analitenga kumtunda, kumene anakumba zitsime kuyambira ali mnyamata mpaka msana utapindika. Chala chimodzi cha kudzanja lamanzere chinatsala pansi pa chitsime china, mwala utagumuka, ndipo ankaseka kuti anthu a mudzi umenewo mpaka lero akumwa msuzi wa chala chawo. Akazi awo atamwalira, chifuwanso chitayamba kuvuta, mwana wawo wamwamuna anakawatenga kuti adzakhale naye m'tauni ya m'mbali mwa nyanja yamchere, kumene iye ankagwira ntchito yotsitsa katundu m'sitima kudoko. Mdzukulu atabadwa, ndi iwo amene anamutcha Kandowa, ati chifukwa ngakhale ayamwe chotani sadzaza.

Banjali linkachita lendi zipinda ziwiri pa mdadada wa nyumba zogundizana, khomo lililonse banja lake. Bafa linali limodzi, chingwe choyanikira chimodzi, chitsimenso chimodzi. Pabwalopo nyanja sinkaoneka, koma inkadziwika kuti ili pafupi: maloko ankachita dzimbiri asanathe chaka, ndipo mchere wa m'botolo unkanyowa wokha.

Mwana wawo atapita nawo koyamba kukaiona nyanjayo, a Fosholo anaima nthawi yaitali, manja kumbuyo. Kenako anawerama, n'kutapa madzi m'dzanja, n'kulawa monga mwa chizolowezi chawo. Analavula msangamsanga. Pobwerera anangonena kuti Mulungu nayenso ali ndi nthabwala: madzi onsewo, oti maso amatopa asanafike kumapeto, koma ngakhale galu sangabwireko. Sanapitekonso.

Chimene ankachikonda n'kunena za pansi. Akamunyamula Kandowa pamiyendo ankamuuza, mokweza kuti mayi ake ali kukhitchini amve, kuti nthaka ili ngati munthu wozizidwa, imafunda bulangete pamwamba pa bulangete. Pamwamba dothi lakuda, kenako katondo, kenako dongo lomata fosholo, kenako mchenga ndi timiyala tosalala. Ukafika pa timiyalato, yamba kumwetulira, pakuti madzi a mvula ya zaka ndi zaka amagona pamenepo. Ndipo lamulo lawo, limene linawadyetsa moyo wawo wonse, linali limodzi: madzi akathawa, atsate pansi, si mbalame kuti athawire kumwamba.

Amene anayamba kuona zachilendo pachitsimepo ndi Make Kandowa. Anaona kuti nthawi zina ndowa imagunda madzi chingwe chikadatsala m'manja, nthawi zina chingwe chimachita kutha, tsiku lomwelo, popanda mvula kapena wina wotunga kwambiri. Anazisunga mumtima masiku angapo. Tsiku lina popereka tiyi anazinena motsitsa mawu, akuyang'ana pansi, ngati akuulula kuti waswa mbale. A Fosholo anasiya tiyi pomwepo. Anang'amba malaya akale, n'kumanga tinsanza pachingwe, ndipo kwa milungu ingapo iwo ndi mpongozi wawo ankasinthana kusuzumira m'chitsime. Anapeza kuti madzi amakwera ndi kutsika kawiri pa tsiku, ndipo mwezi ukakhala wathunthu, kapena ukakhala kumdima, amakwera koposa. Atafunsa mwana wawo za kudoko, anamva kuti nyanja nayo imatero: imadzaza, sitima n'kukwera, kenako imaphwa mpaka matope kuonekera.

"Chitsimechi chikupuma, mayi," a Fosholo anamuuza mpongozi wawoyo akuseka. "Nyanja ikakoka mpweya, ichonso chikoka. N'zapachibale."

Onse awiri anasangalala nazo ngati nkhani yoseketsa. Palibe amene anaganiza kuti ubale umenewo n'ngoopsa.

Chaka chimenecho mvula inadula msanga, ndipo yotsatira inachedwa. Chitsime chinayamba kutsika osabwerera. Ndowa inkabwera ndi theka, kenako ndi matope okhaokha. Amayi a pamdadadapo anayamba kudzuka kusanache kukaika zidebe pamzere, ndipo pakamwa panayamba kutentha. Mai Makala, amene ankagulitsa makala pakhomo loyamba, ankaika zidebe zitatu n'kunena kuti ziwirizo n'za mlongo wawo, yemwe palibe anamuonapo. Make Kandowa sankatha kukangana. Wina akamudutsa ankangosuntha, ndipo ankatsala womaliza tsiku lililonse. Madzi amene ankapeza ankawaika pakona kuti matope akhale pansi, n'kusefa ndi kansalu asanaphike phala la mwana. Mpopi wogulitsa madzi unali kutali, kutsidya kwa msewu waukulu, kumene magalimoto a kudoko sankaima ngakhale aone mayi wobereka mwana.

A Fosholo ankamuona akuchoka ndi chidebe, mwana kumsana, n'kumuonanso akubwerera khosi litalowa m'mapewa. Mawu awo a m'mawa anafupika. Ankangoti, "Adzuka, koma ofooka."

Tsiku lina anavala jekete lawo la kutchalitchi n'kupita kwa mwini nyumba, mayi wonenepa amene anthu ankamutcha Amakiyi chifukwa cha mulu wa makiyi umene unkalira m'chiuno mwake. Anamuuza kuti amene anakumba chitsimecho anali waulesi, anangokanda pamwamba ngati nkhuku. Iwo akhoza kuchizamitsa, ndipo safuna kanthu. Amakiyi atamva mawu omalizawo anavomera asanamalize n'kufotokoza komwe.

Mwana wawo anakana. Anati bambo ake anapuma ntchito kalekale, chifuwa chawo chimalira ngati chitseko chopanda mafuta, ndipo sanawatenge kumudzi kuti adzawakwirire m'dzenje la eni ake. A Fosholo anamuyankha kuti iye anakula ndi ndalama za m'maenje omwewo, ndipo asaphunzitse nsomba kusambira. M'mawa mwake mwanayo atapita kudoko, anatulutsa piki ndi fosholo yawo yaifupi pansi pa bedi.

Alonda, bambo wa pakhomo lachitatu amene ankalonda usiku, masana n'kumakhala pakhomo, ndiwo anawatsitsa ndi chingwe. Wokoka ndowa za dothi anali Make Kandowa. Palibe anamukakamiza. Anamangirira mwana kumsana n'kugwira chingwe, mumtima akuganiza za msewu waukulu uja, kuti mwina sadzauwolokanso. Ndowa iliyonse ikafika pamwamba, mawu ankachokera pansi kufunsa mtundu wa dothilo, pakuti m'dzenjemo munali mdima. Iye ankayankha: lachikasu, kenako lotuwa, kenako mchenga woyera wonyowa. Tsiku lachiwiri mu ndowa munayamba kubwera tizigoba ta nkhono, tambirimbiri, tina tathunthu. A Fosholo atatuluka anatitembenuza m'dzanja modabwa. M'zitsime zonse za moyo wawo anali asanakumanepo ndi zotere. Anati ndiye kuti kalekale, makolo asanabadwe, nyanja inkagona pomwe pali nyumbazi, kenako inasamuka n'kuiwala ziwiya zake. Anatsuka kachigoba kamodzi n'kumupatsa Kandowa, yemwe nthawi yomweyo anakaika m'kamwa.

Tsiku lachitatu madzi anatumphuka. Anabwera mwamphamvu moti pamene Alonda ankawakoka, a Fosholo anali atanyowa mpaka pachifuwa, mano akugundana. Pabwalo panali chisangalalo. Mai Makala anavina ndi chidebe pamutu, n'kunena kuti akanakhala wosakwatiwa akanalowa m'nyumba mwa madalawa tsiku lomwelo. Amakiyi anatumiza shuga ndi buledi. Ngakhale mwana wawo, atabwera madzulo, anangopukusa mutu akumwetulira. Make Kandowa anachapa matewera onse, mabulangete, ngakhale makatani amene sanade.

Kwa masiku angapo mawu a m'mawa anabwerera mwakale. Kenako m'mawa wina, mwezi uli wathunthu, Make Kandowa ali pazenera anaona apongozi ake atasunga madzi m'kamwa nthawi yaitali kuposa kale. Sanalavule. Anameza, n'kutunganso, n'kulawanso. Anayang'ana uku ndi uku ngati munthu amene waponda chinthu pamsewu, n'kubwerera m'nyumba, mawu awo a m'mawa aja osawatchula. Make Kandowa atapita kukalawa anamva kakomedwe kachilendo kumapeto kwa lilime, ngati ukanyambita thukuta. Sanauze munthu. Tiyi wa tsiku limenelo anathiramo shuga wambiri.

Koma mchere subisika. Sabata isanathe sopo anasiya kuchita thovu. Nyemba zinkakhala pamoto tsiku lonse zili gwa. Zovala zikauma zinkachita mizere yoyera. Kandowa analavula phala n'kulira. A Fosholo ananena kuti mwina ndi dothi latsopano, litsukika, ndipo anakhala tsiku lathunthu akutunga n'kutaya, akutunga n'kutaya, kuti madzi oipawo athe. Pamene ankatunga kwambiri m'pamenenso mchere unkawawa kwambiri. Usiku wake ananena kuti mwina sanazamitse mokwanira, madzi abwino ali pansi pake. Mwana wawo anatenga piki ndi fosholo n'kukazisungitsa kwa mnzake.

Aphunzitsi, mtsikana wa pachipinda chakumapeto amene anali kwawo ku tchuthi nthawi yonseyi, anabwerera n'kupeza pabwalo pali zii. Atamva zonse, anabwera pakhomo pa a Fosholo ndi tambula yagalasi, supuni ndi kapu ya tiyi wozizira wopanda shuga. Anagwada n'kupempha kuti awaonetse kanthu. M'tambulamo anathira madzi n'kusungunuliramo mchere wambiri. Kenako anatenga tiyi uja n'kumuthira pang'onopang'ono pamsana pa supuni. Tiyiyo sanasakanikirane ndi madziwo. Anakhala pamwamba, wofiirira, ndipo pansi pake madzi amchere anali mbee, pakati pali mzere ngati wojambula.

Anafotokoza kuti madzi amchere ndi olemera, choncho amakhala pansi. Nyanja sithera pamene maso amaona mafunde. Imalowa pansi pa mchenga, pansi pa misewu ndi nyumba, n'kumapuma komweko. Madzi a mvula akalowa m'nthaka amagona pamwamba pake ngati tiyiyu. Chitsime chakale chinkangomwa pamwambapo. Atatero analowetsa supuni mpaka pansi pa tambula n'kuikweza, ndipo mzere uja unasokonekera, zonse n'kukhala mtundu umodzi.

A Fosholo anayang'ana tambulayo osaphethira. "Ndiye kuti waulesi uja sanali waulesi," anatero.

Aphunzitsi anati iwonso ali ndi manyazi, chifukwa zimenezi amazijambula pabolodi chaka ndi chaka, koma sanaganizepo kuti chithunzicho ndi chitsime chimene amamwa. Akanakhalapo mwina akanakumbukira, mwinanso akanavina nawo limodzi ndi Mai Makala.

Madalawo anafunsa ngati tiyi ndi mcherewo zingalekanenso. Aphunzitsi anati za m'tambula ayi. Za m'nthaka mwina, mvula ikagwa yambiri, anthu n'kusiya kutunga, madzi abwino akhoza kuunjikananso pamwamba. Koma kaya chaka chimodzi, kaya zaka khumi, kaya osatheka n'komwe, iwo sankadziwa, ndipo sanafune kunama.

Anayesa kukwirira pamene anakumbapo. Anabwezeramo mchenga uja, zigoba ndi zonse, n'kuthiramo dongo, Amakiyi n'kuwonjezera thumba la simenti uku akung'ung'udza. Madzi anachepa, koma mchere unatsala. Unali utaidziwa njira.

Tsopano mdadada wonse unkawoloka msewu waukulu. Amayi ankapita pamodzi, ndipo Make Kandowa ankayenda kumbuyo, akumva zonse. Chitsimecho anachitcha nyanja ya a Fosholo. Mai Makala ankafuula podutsa pakhomo kuti zikomo agogo, masiku ano mchere sitigula, tikungothira madzi m'ndiwo, mutikumbirenso china cha mafuta ophikira. Ena ankaseka, ena ankati zaulere zimatero. Amakiyi anasiya kuyankha moni wa a Fosholo. Palibe amene ankatchula kuti wokoka ndowa za dothi anali ndani, ndipo Make Kandowa sankadziwa ngati akumumvera chisoni kapena angomuiwala. Ankafuna kunena kuti madalawo anachitira iye, koma manyazi ankamuletsa.

A Fosholo anayesa kuthandiza. Tsiku lina anatenga chigubu n'kutsatira amayiwo, koma pobwerera anakhala pansi m'mbali mwa msewu, mpweya utawathera, ndipo Make Kandowa anasenza chidebe chake pamutu, chigubu chawo m'manja, mwana kumsana, akuima pang'onopang'ono kuwadikira. Chifuwa chimene chinakula tsiku lonyowa lija sichinawasiye. Kuchipatala anawapatsa mapiritsi ndi kuwauza kuti azipuma. Komabe m'mawa uliwonse ankadzikoka ndi kapu yawo, n'kulawa, n'kulavula, n'kubwerera chete.

Aphunzitsi ankabwera madzulo ena kudzawaona, ndipo madalawo ankawafunsa mafunso ngati mwana wa sukulu. Anafunsa chimene chimakoka nyanja kuti izidzaza ndi kuphwa, n'kuuzidwa kuti ndi mwezi, dzuwa likuthandizira. Anagwedeza mutu, n'kuyang'ana mpongozi wawo, pakuti zimenezo tinsanza tawo tinali titawauza kale. Anafunsanso kumene mchere wonsewo unachokera. Aphunzitsi anati wambiri unachokera kumtunda: mvula imanyambita miyala pang'onopang'ono, mitsinje n'kunyamula timchere tosamveka n'komwe pa lilime, n'kukatula m'nyanja. Dzuwa limatenga madzi okha kupanga mitambo, mchere n'kutsala, ndipo zakhala zikutero kuyambira dziko lili laling'ono.

A Fosholo anaseka mpaka kutsokomola. "Ndiye ndi mchere wa kwathu umenewu. Miyala yomwe ndinkaswa ija. Unatsogola kudzandidikira kuno."

Pofika nthawi imene mitambo inayamba kusonkhana, sankathanso kudzuka. Kapu yachitsulo inkakhala pampando pafupi ndi bedi, ndipo Make Kandowa ankaidzaza ndi madzi a kumpopi. Manyazi aja anali atachepa. Ankawatembenuza, kuwapukuta kumaso, kuwamwetsa phala ndi supuni ya Kandowa. Analinso atatenga chizolowezi chimene sanauze munthu: pabwalo pakakhala palibe anthu, ankapita kuseri, n'kutunga pang'ono, n'kulawa.

Mvula yoyamba inagwa Loweruka, yamphamvu, yoboola denga. Inagwanso mawa lake ndi mkuja wake. Amayi anatchera mabeseni ndi miphika pansi pa malata, ana akuthamanga m'matope. A Fosholo ankamvetsera ali gone, maso ali kudenga, milomo ikuyenda ngati akuwerengera bulangete lililonse limene madziwo akudutsa: dothi lakuda, lachikasu, lotuwa, mchenga.

M'mawa umene mvula inakata, Make Kandowa anapita kuchitsime anthu asanadzuke. Madzi anali atakwera, akuonetsa kumwamba kuli mbuu m'kati mwake. Analawa. Anadikira, n'kulawanso, kuti mwina lilime lanama. Mchere unali pomwepo. Anatsuka m'kamwa ndi madzi a m'beseni n'kulowa m'nyumba, akupempha mumtima kuti apongozi ake akhale ali m'tulo.

Anali maso. Tsiku limenelo ndi limene anasiya kuyankhula, ndipo mawa lake masana anatisiya, mwana wawo atawagwira dzanja lija la zala zinayi. Koma m'mawawo mawu anali akadalipo, ochepa, otuluka limodzi ndi mpweya. Anayang'ana kapu ya pampando, n'kuikankha pang'ono ndi chala. Make Kandowa anaganiza zowathirira madzi a mvula a m'beseni n'kunena kuti ndi a kuseri, ndipo zikuoneka kuti iwo anaziona pankhope pake, chifukwa anamwetulira.

"Osati a m'beseni, mayi, kapena a kumpopi. Lilime ili silinakalambe, ndiwadziwa. Nditungireni a m'chitsime. Ndowa musaimize, ingoigonekani pambali, mutape a pamwamba penipeni. Ndimve ngati adzuka."